Rahma Avala Buibui la Mayi Ake

MUTU 6

1. Madzi a kudepoti

Mvula ya chaka chimenecho inkagwa ngati ili ndi mlandu ndi anthu a ku Mtalika. Mitambo inkaunjikana kumapiri a ku Namwera dzuwa lili paliwombo, ndipo ana akamaweruka kusukulu inkayamba kukhuthula.

Rahma, mtsikana wa Fomu 3, anafika pakhomo nsapato zili m'manja, yunifolomu itamatirira pathupi. Pabwalo sipankaoneka dothi. Madzi ofiira anali atadzaza mpaka pakhonde, ndipo ena anali atalowa kale m'nyumba osaodira.

Madzi amenewa sanali a Mulungu yekha ayi, analinso a khonsolo. Kale kuseri kwa nyumbayi kunali dambo, ndipo pakati pake pankadutsa ngalande yotsikira ku Shire. Madzi ankadziwa njira yawo, anthu n'kumadziwanso yawo. Kenaka akuluakulu a kukhonsolo anaganiza zomangapo depoti ya malole a nsomba ochokera ku Makanjira. Anathira dothi lofiira, matipa ndi matipa, mpaka dambolo linakwera kuposa mawindo a nyumba za anthu. Ngalande ija anaikwirira, malo onse n'kuzunguliza mpanda wa njerwa. M'munsi mwa mpandawo anasiya mabowo otulukira madzi. Kaya amene anaboola mabowowo anali ndi maso, kaya anawaiwala kunyumba, koma onse analoza pakhoma la chipinda cha mayi ake a Rahma.

Che Dinala, bambo ake a Rahma, anatha nsapato ndi maulendo a kukhonsolo. Anawalonjeza paipi yaikulu yolambalalitsa madziwo. Paipiyo sanaione. Matenda a shuga anawatenga mvula yoyamba isanagwe.

Rahma atalowa anapeza mayi ake, Abiti Husseni, atawerama pabalaza, akukapa madzi ndi beseni n'kumaponyera pakhomo. Matumba a chimanga anali pamwamba pa tebulo, matilesi ataimikidwa pambali. Mng'alu wa pakhoma la kuchipinda, umene dzulo lake unkangolowa chala, tsopano unkalowa dzanja lonse.

Abiti Husseni anali pa eda. Mwamuna akamwalira, mkazi wachisilamu amakhala m'nyumba ya malemuyo miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzola zonunkhira, osavala zokongola, osayendayenda. Iwo anali atangodutsa theka.

“Amayi, khomali ligwa,” anatero Rahma. “Tiyeni kukhonsolo mawa. Paja Shehe ananena okha kuti munthu wa pa eda akhoza kutuluka ngati moyo uli pachiswe.”

Mayiwo anaweramuka pang'onopang'ono atagwira m'chiuno.

“Ananenadi. Koma Shehe ali ndi mlomo umodzi, Mtalika uno ali ndi milomo chikwi. Azakhali ako a Ajira akungodikira kuti phazi langa liponde kunja, akalengeze kumsika kuti ndinali nditatopa naye kale mlongo wawo. Bambo ako anandisunga mwaulemu kuyambira ndili mtsikana. Sananditukwanepo, sanandigonetsepo ndi njala. Ndiye ine ndilephere kuwasungira miyezi inayi yokha? Tenga chidebe icho uzikapa, mwanangu. Eda ikatha ndidzapita ndekha, ndipo adzandimva.”

“Ikamadzatha nyumba idzakhala kulibe!”

Mayiwo anaweramanso, ndipo awiriwo anakapa madzi mpaka mikono inachita dzanzi.

2. Mwini nyumba ali kuti?

M'mawa mwake Rahma anajomba kusukulu n'kupita kuboma. Atadikira pabenchi mpaka njala kumupota, anamulowetsa mu ofesi ya Bambo Kamtambe, mkulu woona za malo. Bamboyu anali wa mawu ofewa ngati papaya wakupsa. Ankatha kukukaniza chinthu akumwetulira, iwe n'kutuluka ukuthokoza, n'kudzazindikira uli kale pamsewu kuti wabwerera chimanjamanja.

Rahma sanali mwana wa manyazi. Pamtsutso wa kusukulu anyamata a Fomu 4 ankachita kumuzemba. Anafotokoza za dambo, za ngalande yokwiriridwa, za mabowo a mpanda ndi za mng'alu uja, mawu ali m'malo mwake.

“Mwalankhula bwino, mtsikana,” anatero Bambo Kamtambe. “Kusukulu kwanuko akuphunzitsa ndithu. Koma mwini nyumba ndani?”

“Mayi anga, bwana.”

“Nanga ali kuti? Pajatu wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.”

“Ali pa eda.”

“Pa chiyani?”

Rahma anafotokoza. Bamboyo, amene kwawo kunali ku Dedza, anamvetsera akugwedeza mutu mwachifundo.

“Miyambo ya anthu ine ndimailemekeza kwambiri. Koma nafenso tili ndi wathu mwambo. Komiti ya za malo ikukhala Lachinayi likubwerali, ndipo sidzakhalanso mpaka mvula itatha. Amene anabweretsa dandauloli anatisiya, pepani. Tsono mwini nyumba akapanda kuoneka yekha, atanyamula chiphaso chake cha unzika, nkhaniyi tiitseka. Komiti simva ana.”

“Bwanji komitiyo ibwere kwathu? Si kutali. Mayi akhoza kulankhula ali kuseri kwa chitseko.”

“Galimoto ilibe mafuta, mwana wanga.”

Rahma anagwada pasimenti, chinthu chimene anali asanachitepo kwa munthu wa mu ofesi. Anapempha mpaka misozi inatuluka. Bambo Kamtambe anamupatsa kapepala kopukutira m'maso, n'kuitana munthu wotsatira.

Atafika kunyumba anapeza chigamphu cha khoma chitagumuka n'kugwera pamphasa imene mayi ake ankaswalirapo mapemphero awo. Mayiwo anali atangodzukapo kukamwa madzi. Anaseka pomufotokozera. Rahma anachita mantha amene anali asanawamvepo, ngakhale tsiku limene bambo ake anatsirizika. Bambo anali atapita. Tsopano khoma linkafuna mayi.

3. Chenjezo la Mayi Conceição

Lachinayi m'mamawa, mayi ake atatembenukira kukhoma poswali, Rahma anatsegula sutikesi. Anatulutsa buibui lawo, chovala chakuda chofika kumapazi, chokhala ndi mikanda yabuluu m'mikono. Anatenganso nikabu, kansalu kophimba nkhope n'kungosiya maso, ndi chiphaso chimene chinkakhala m'kachitini ka mabisiketi. Zonse anazikankhira m'chikwama cha mabuku n'kutsanzika ngati akupita kusukulu.

Anakhotera kwa Mayi Conceição, oyandikana nawo a kutsidya kwa njira. Mayiwa anabwera kuchokera ku Mozambiki ali mtsikana, pothawa nkhondo, ndipo sanabwererenso. Ankagulitsa zitenje zoloweza pa Chiponde. Rahma anazemberera kubafa kwawo n'kuvala zonse, kenaka anatulukira pakhonde pamene mayiwo ankapinda katundu wawo.

“Abiti Husseni! Mwatuluka? Kwagwanji?” anafuula mayiwo, zitenje zili mbwee pansi.

Rahma anakweza nikabu akumwetulira. “Mwaona? Ngakhale inu simunandizindikire. Ndikupita kukomiti.”

Mayi Conceição sanamwetulire. Anamukokera m'nyumba n'kutseka chitseko.

“Khala apo, undimvere. Ukandimva n'kupitabe, zako zimenezo, koma usadzati sunauzidwe.

“Titangofika m'dziko muno tinkakhala kukampu, kufupi ndi Namwera. Kunali atsikana awiri apachibale, Sara ndi Zakia, ofanana ngati madontho a madzi. Tsiku lina kunabwera akuluakulu kudzawerenga anthu. Zakia anali chigonere ndi malungo, khanda lili pambali. Sara, pomukonda mbale wake, anati, ‘Gona, ndikakuimira pamzere.’ Anaimadi, n'kuyankha dzina la Zakia. Anamufunsa kuti, ‘Kodi kwanu kuli munda?’ Anati ulipo. ‘Mutapatsidwa makasu ndi mbewu mungalime?’ Anati angalime. Iye ankangoona makasuwo. Sankadziwa kuti umenewo unali mzere wa anthu ofuna kubwerera kwawo. Lole itabwera anaitana dzina la Zakia, osati la Sara. Anamukweza Zakiayo ndi khanda lake, nkhondo isanazizire bwino. Sitinamvenso za iye.

“Dzina la munthu si chitenje, mwanawe, choti wabwereka m'mawa, madzulo wachapa n'kubweza. Ukavala nkhope ya mayi ako, chilichonse chotuluka pakamwa pako chikhala cha mayi ako. Ukati inde, ndiye kuti iwo ati inde. Ukangokhala chete, ndiye kuti iwo asowa chonena. Iwe nyumba ija umaidziwa ngati mwana wobadwiramo. Iwo amaidziwa ngati mwini, kuyambira tsiku limene anakhomapo chikhomo choyamba. Anthu a mu ofesi aja amafunsa mafunso okhala ndi mbedza mkati. Iwe ukameza nyambo, wowedzedwa akhala mayi ako.

“Komanso taganiza za njira imene udutse. Buibui limeneli Mtalika yense amalidziwa. Bambo ako anatuma ine kukaligula ku Mandimba, mayi ako n'kulivala pa Idi anthu onse akuona. Lero likayenda pamsewu, anthu sanena kuti Rahma wayenda. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Vula. Tipite kwa Shehe, atenge akuluakulu a kumzikiti, ifenso oyandikana nanu tipite nawo. Khamu la anthu sangalibweze pakhomo ngati mmene anakubwezera iwe.”

“Shehe ali ku Makanjira kumaliro, ndipo msewu waduka,” anayankha Rahma. “Komiti ikukhala lero, m'mawa uno. Dzana khoma linatsala pang'ono kuwaphwanya amayi. Mukufuna ndidikire kuti ndidzawafukule m'njerwa? Ine kulankhula ndimatha. Andilole ndilowe basi, zinazo ndithana nazo.”

“Kulankhula umathadi. Koma ukalankhula ndi mawu a ndani?”

Rahma sanafune kulimva funso limenelo. Anatsitsa nikabu n'kutuluka.

Pamphambano anaimitsa kabaza. Wopalasa njingayo, Atumani, anayang'ana mikanda yabuluu ija n'kuchotsa chipewa.

“Salamu alaikumu, Abiti Husseni. Kodi eda yatha kale?”

Rahma anangoloza njira ya kuboma ndi chala n'kukwera. Ulendo wonse, aliyense amene Atumani ankakumana naye ankamukodola ndi nsidze.

4. Mafunso a komiti

M'chipinda cha komiti munali tebulo lalitali ndi amuna okhaokha. Bambo Kamtambe anakhala pakati. Pambali pawo panali injiniya amene anamanga depoti ija, chipewa chake cholimba chili patebulo ngati nachonso ndi membala wa komiti.

Bambo Kamtambe anayang'ana chiphaso, n'kuyang'ana maso awiri amene anali patsogolo pawo.

“Tingakuoneni nkhope, mayi?”

“Ayi, bwana,” analowererapo mkulu wina wa ndevu zoyera, wovala kofiya yachisilamu kumutu. “Mayiwa ali pa eda. Kubwera kokhaku achita zoposa muyezo. Tisawavutitse.”

“Chabwino. Fotokozani dandaulo lanu.”

Rahma anapuma mozama. Mfundo zonse anali atazikonza, ndipo zinali kunsonga kwa lilime.

“Zikomo a tcheyamani ndi mamembala onse. Nkhani yathu ili ndi mbali zitatu...”

Bambo Kamtambe anadzutsa mutu. “Eee, magazi sanama. Mawu anu ndi a mwana wanu uja anabwera kuno, enieni. Ngakhale kalankhulidwe!”

Rahma anazindikira kuti walakwitsa. Ndi mayi uti wogulitsa usipa amene amayamba nkhani ndi mbali zitatu? Anatsokomola, n'kugwira pakhosi ngati wadwala chimfine. Kuyambira pamenepo sanayerekezenso kutulutsa mawu opitirira awiri. Chida chimene anachidalira chija chinali chitasanduka msampha.

“Musadzivute, mayi,” anatero injiniya mokoma mtima. “Tizingofunsa, inu muziyankha mwachidule. Depoti isanamangidwe, madzi anayamba afikapo pakhomo panu?”

Rahma anakumbukira chaka cha namondwe, iye ali Sitandade 5. Chaka chimenecho Mtalika yense anamira, mzikiti womwe, sitolo zomwe. Kunali kamodzi kokha. Koma kuti afotokoze zimenezo pankafunika mawu ambiri. Anangogwedeza mutu kuvomera.

“Mwaona nonse, mayi avomera kuti madzi ankafika kale. Nanga pamene munkamanga, munkadziwa kuti kuseri kuli dambo?”

Anavomeranso. Ndani sankadziwa?

“Malowo anakupimirani ndani?”

Apa ndiye panagona nkhani yonse, ndipo Rahma sankadziwa. Anali asanabadwe. Abiti Husseni enieni akanaimirira n'kuwauza kuti anapima ndi anthu a khonsolo yomweyo, ndi tepi yawo, n'kukhoma zikhomo za simenti zimene zilipo mpaka lero. Koma amene anakhala pampandopo anali mwana wovala buibui la eni. Anayang'ana pansi osayankha.

“Palibe yankho,” anatero injiniya, akuyang'ana anzake.

“Funso lomaliza, mayi,” anatero Bambo Kamtambe ndi mawu awo ofewa aja. “Tonse tikufuna moyo wanu. Khonsolo itakupezerani malo ouma kumtunda, cha ku Chowe, mungakane?”

Rahma anaona m'maganizo chigamphu chija chili pamphasa. Anayesa kuti akunena malo ongobisalirako mvula, kwinaku akukonza paipi.

“Ayi,” ananong'ona.

“Simungakane. Zikomo kwambiri, mayi. Anthu onse akanakhala omvetsa ngati inu, ntchito yathu bwenzi ili yophweka.”

Onse anamwetulira, kupatula mkulu wa kofiya uja, amene anangopukusa mutu. Rahma anabwerera wapansi kudzera njira za kuseri. Anavulira kwa Mayi Conceição osawayang'ana kumaso, ndipo madzulo anabwezera zonse m'malo mwake mayi ake ali kubafa. Mumtima munali zii. Anadzilimbitsa poti anthu aja anamwetulira.

5. Penti yofiira

Tsiku lotsatira linali Lachisanu. Anthu akutuluka kumzikiti masana, azakhali a Ajira anatulukira atakwinya chitenje m'chiuno, akuponda madzi a pabwalo mwaukali. Kumbuyo kwawo kunali amayi angapo, ena odzathandiza kulankhula, ena odzangoonerera.

“Alamu!” anaitana ataima pakhonde. “Tamva kuti dzulo munakwera kabaza. Mlongo wanga sanaume n'komwe m'manda, inu mwayamba kale kuyendera boma?”

“Ine?” anadabwa Abiti Husseni, ali kuseri kwa katani ya pakhomo. “Alamu, mwadya chiyani lero?”

Asanamalize kukanganako, pamsewu panaima galimoto ya khonsolo. Mafuta aja anali atapezeka. Munatsika Bambo Kamtambe atavala majombo, wapolisi mmodzi, ndi mnyamata wonyamula chitini cha penti yofiira. Amuna ochokera ku mapemphero a Juma anaima m'mbali mwa njira kuti aone. Rahma, amene ankatsuka mbale pakhonde, anasiya kutsuka.

“Mayi, tabwera monga tinagwirizana dzulo,” anatero Bambo Kamtambe. “Munavomera pamaso pa komiti kuti nyumbayi ili m'njira ya madzi kuyambira kale, ndiponso kuti mwalola kusamukira ku Chowe. Tiika chizindikiro pakhomapa. Sabata yamawa kubwera katapila.”

Katani ija inagwedezeka. Mawu amene anatuluka kuseri kwake anamveka mpaka kumsewu.

“Bwana, kaya ndinu ndani sindikukudziwani, ndipo inunso simundidziwa. Chiikireni mwamuna wanga m'manda, phazi langa silinadutse pakhomo pano. Ndikhoza kugwira Kurani. Nyumba ino ili m'njira ya madzi? Anatipimira ndi anthu anu omwe, zikhomo zawo ndi izo m'ngodyamo, kafukuleni muone. Zaka zonsezi tinkagona pouma. Madzi mwawabweretsa ndinu ndi mpanda wanuwo. Ku Chowe ndikatani ine? Kuli ndani wanga? Ine sindinavomere kanthu, ndipo sindichoka.”

Anthu anayamba kung'ung'udza movomereza. Azakhali a Ajira anayang'ana uku ndi uku, atasokonezeka. Kumwetulira kwa Bambo Kamtambe kunazima.

“Ngati mukunena zoona, ndiye kuti zimene tinagwirizana dzulo zafa, ndipo pentiyi tibwerera nayo. Koma ndiye kutinso pali munthu amene anatenga chiphaso chanu, n'kudzanamiza komiti ya boma m'dzina lanu. Umenewo si mlandu wa pakhonde, mayi. Ndi wa kundende. Munthu ameneyo tichoka naye lero lomwe. Chiphaso chanu chimakhala ndi ndani?”

M'nyumba munamveka sutikesi ikutsegulidwa. Patapita kanthawi katani inapatuka pang'ono, ndipo Rahma anaona dzanja la mayi ake litagwira mpendero wa buibui lija. Unali ndi matope ofiira, ouma. Pamwamba pa dzanjalo panali maso a mayi ake, akumuyang'ana iye yekha.

Rahma anaimirira, mbale n'kugwera m'madzi. “Bwana, amene anabwera...”

“Khala chete iwe!” anakalipa Abiti Husseni. “Akulu akamalankhula mwana salowerera. Ndinakulera choncho ine?”

Kenaka mawu awo anatsika, n'kukhala a munthu wotopa.

“Bwana, mundikhululukire. Chisoni chimasokoneza mutu. Ndakumbukira tsopano. Ndinali ine.”

“Munabwera nokha?”

“Ndinabwera ndekha.”

“Ndipo zimene munavomera zija?”

“Ndinavomera.”

“Subuhana Llahi!” anafuula azakhali a Ajira akuomba m'manja. “Mwamva nonse? Pompano amati agwira Kurani! Eda waphwanya, bodza wanama, nyumba ya mlongo wanga wapereka. Mkazi uyu!” Analavula m'madzi n'kutembenuka, amayi aja ali pambuyo. Amuna a m'mbali mwa njira anabalalika mmodzimmodzi, akupukusa mitu. Panalibe amene anatsanzika.

Mnyamata uja anaviika bulashi m'chitini n'kujambula chizindikiro chachikulu pakhoma, pafupi ndi zenera. Khomalo linali lonyowa, moti pentiyo inayenderera mpaka pansi. Atatha, onse anakwera galimoto n'kumapita.

Rahma anagwada m'madzi pakhomo penipeni. Analira ngati mwana wakhanda, akupempha chikhululukiro, akubwereza kuti ankangofuna kupulumutsa nyumba. Mayi ake anakhala pansi kuseri kwa katani, buibui lili pamiyendo.

“Ndikudziwa chimene unkafuna,” anatero motsitsa. “Nyumba ndi njerwa, mwanangu. Ndamuika kale mwamuna chaka chino. Sindingaperekenso mwana kundende.”

“Koma anthu azikunenani! Azakhali akauza mzikiti wonse!”

“Azinena. Pakamwa ndi pawo.”

Pabwalo panali patatsala munthu mmodzi yekha, Mayi Conceição, ataima m'madzi ofika m'akakolo. Sananene kuti ndinakuuza. Ankayang'ana kumsewu, kumene injini inkalira mosasuntha.

“Galimoto ija yatitimira pamphambano,” anatero. “Sachoka msanga pamenepo.”

Rahma anasiya kulira. Anapukuta m'maso ndi mkono n'kuyamba kudzuka, kuti akaulule zonse kwa Bambo Kamtambe. Nthawi yomweyo dzanja la mayi ake linatulukira pansi pa katani n'kumugwira pamkono mwamphamvu.

“Usayerekeze. Ndataya nyumba, ndataya ulemu, kuti iwe ugone pano lero. Ukapita kumeneko, usadzanditchulenso kuti mayi.”

Kumapiri a ku Namwera kunagunda. Rahma anayang'ana penti ija pakhoma, n'kuyang'ana dzanja lotupa ndi madzi limene linamugwiralo. Kenaka anayamba kumasula zala za mayi ake, chimodzichimodzi.